Ilire Ng'oma ya Camille Pissarro, Mwana wa Pachilumba

Wambani ng'oma pamoto, anyamata, chikopa chikungike. Matani phula pamimba pa mbalule, mpanje uime chilili, gunda ayankhe ndi mawu ake a pansi. Amayi konzekani ndi nthungululu. Amene tikumutchula lero si wa mudzi uno, sanamwepo madzi a pachitsime chathu, koma manja ake anagwira ntchito yoti ngakhale ife akutali tiimirire.

Gu! Gu-gu! Gu!

Jacob Abraham Camille Pissarro! Ndinu tikukuitanani. Mwana wa Rachel, mwana wa Frédéric. Mwana wa pachilumba, wobadwa mafunde akuwomba kum'mawa ndi kumadzulo komwe. Mchombo wanu unagwera ku Charlotte Amalie, pachilumba cha St Thomas m'nyanja ya Caribbean, kumene munabadwa pa 10 Julaye 1830, mbendera ya Denmark ikadali padoko, anthu akadagulitsa anthu anzawo. Mbadwa-ya-pamchenga! Mkiliyo wa maso akuthwa! Khungu lanu linali loyera, makolo anu anali Ayuda, koma dzuwa limene linayamba kukuwambani ndi lomwe linkawamba odula nzimbe. M'nyumba munkamva Chifalansa, mumsewu Chingerezi, kwa amalonda a m'ngalawa Chisipanishi, ndipo pakamwa pa okalamba pankatuluka Chikiliyo chimene akapolo anadziumbira okha kuti azimvana. Makutu-anayi! Mwana wa pamphambano pa zilankhulo!

Tiyambe ndi amayi anu, poti mwana amadziwika ndi bere limene anayamwa. Rachel Manzana-Pomié, wobadwira pazilumba zomwezo, mkazi wosagwada. Anali mkazi wa Isaac Petit. Isaac atamwalira, mphwake Frédéric anawoloka nyanja kuchokera ku Bordeaux kudzalongosola chuma cha amalume ake, ndipo mitima ya awiriwo inakomana. Kwathu kuno ena akanangoti walowa chokolo, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma akulu a sunagoge anakwinya nkhope, ukwatiwo anaukana kwa zaka zingapo. N'chifukwa chake inu, mwana wa banja lolozedwa chala, munakakhala pabenchi limodzi ndi ana akuda kusukulu ya mpingo wa Moravian. Akuluakulu ankayesa akukuchotsani ulemu, osadziwa kuti akukutsekulani maso. Mkhala-ndi-onyozedwa! Munaphunzira kuwerenga mutatsamira phewa la mwana amene agogo ake anawoloka nyanja atamangidwa unyolo, ndipo chiyambire pamenepo simunayang'anepo wantchito ngati chinthu.

Womba mbalule, womba!

Muli ndi zaka 12 anakukwezani ngalawa kupita kusukulu ya Savary ku Passy, pafupi ndi Paris. Mphunzitsiyo ataona dzanja lanu anakulangizani kuti mukabwerera kwanu muzikajambula zimene maso akuona, ngakhale mitengo ya kokonati. Munabwerera mu 1847. Chaka chotsatira, pa 3 Julaye 1848, patatsala sabata imodzi kuti mukwanitse zaka 18, akapolo a pachilumba choyandikana cha St Croix anasonkhana ku Frederiksted, ndipo bwanamkubwa Peter von Scholten analengeza kuti ukapolo watha pazilumba zonse za Denmark. Mboni-ya-ufulu! Munaona ndi maso anu kuti dongosolo limene akuluakulu amati linakhazikika mpaka kalekale limatha kugwa tsiku limodzi.

Bambo anu ankafuna kalaliki. Anakuikani padoko kuti muziwerenga mabokosi a katundu wa sitolo. Dzanja limodzi linkalemba manambala, linalo linkaba mizere: wopalasa bwato, wosenza thumba, mayi wochapa pamwala, bulu womangidwa pamthunzi. Kalaliki-wa-mitima-iwiri! Kenako kunabwera Fritz Melbye, wojambula wa ku Denmark, naona zimene munkabisa m'kope. Mu 1852 munasiya kauntala ya bambo anu n'kupita naye ku Venezuela, ku La Guaira ndi ku Caracas, zaka ziwiri mukujambula misika, mapiri ndi anthu ophika panja. Mdula-chingwe! Wosiya mkate wotsimikizika n'kutsata njala ya maso! Mu 1855 munapita ku Paris, ndipo phazi lanu silinapondenso mchenga wa St Thomas.

Phazi silinabwerere, koma tamverani zimene dzanja linachita.

Mu 1856, muli mumzinda wozizira, munatenga burashi n'kujambula kwanu. Amayi awiri akuda aima panjira m'mbali mwa nyanja. Wina wavala zoyera, wasenza katundu pamutu, khosi lili chilili. Mnzake wavala zobiriwira ngati madzi akuya, duku lofiira kumutu, dengu pamkono. Akucheza. Sakuvinira mlendo, sakumwetulira wogula chithunzi, sakudziwa n'komwe kuti wina akuwaona. Kumbuyo kwawo phiri latsikira m'nyanja, mpweya uli mbuu. Ojambula ambiri a ku Ulaya akafika pazilumba ankafuna zodabwitsa zoti akaonetse kwawo. Inu munajambula anansi. Chithunzi chimenechi lero chili ku National Gallery of Art ku Washington, ndipo ine ndikuti mbewu ya ntchito yanu yonse ili mmenemo: munthu wamba, ali pantchito yake, pansi pa kuwala kwa tsiku wamba, wopatsidwa ulemu wonse. Msunga-nkhope-za-amayi! Wokumbuka ndi zala!

Lululululu! Amayi, kwezani mawu pamenepo.

Ku Paris munapeza Camille Corot, mkulu wofatsa wojambula mitengo ndi mitsinje, ndipo munadzichepetsa pamaso pake. Anakulimbikitsani kutuluka panja, kukayang'ana chilengedwe maso ndi maso. Munatuluka, Mponda-mame! Pamene ena ankatsekera zitseko n'kumajambula milungu ya Agiriki ndi nkhondo za mafumu, inu munali pamsewu wa matope, chinsalu chili pamiyendo itatu, chisanu chikuluma zala. Oweruza a chionetsero chachikulu cha Salon ankakonda zithunzi zosalala zosaoneka mapazi a burashi, chikomekome cha mkuyu. Anakulandirani mu 1859, anakukanani mu 1863, ndipo munakapachika ntchito yanu pamodzi ndi okanidwa anzanu. Ku Académie Suisse, kumene kunalibe mphunzitsi wolamula, munakumana ndi Claude Monet, ndi Armand Guillaumin, ndi Francisco Oller wa ku Puerto Rico, mwana mnzanu wa nyanja imodzi, ndiponso mnyamata wina wa ku Aix amene anzake ankamuseka, Paul Cézanne. Inu simunaseke. Woona-golide-m'thope!

Tsono ng'oma ichepetse liwiro, tinene chimene munabweretsa, inu ndi anzanuwo, poti ena amangomva dzina la Impressionism osadziwa chimene chinasintha.

Akale ankati mthunzi ndi wakuda. Inu munayang'anitsitsa n'kuona kuti mthunzi uli ndi mitundu yake: pansi pa mtengo pali kubiriwira, pachipale chofewa pali mtundu wa thambo, pakhoma loyera madzulo pali kufiirira. Akale ankasakaniza utoto mpaka ufe, kenako n'kuupaka mosalaza. Inu munkaika timizere tifupitifupi, ka mtundu uwu pambali pa ka mtundu uwo, kuti diso la woonera lisakanize lokha, chithunzi chizinyezimira monga umachitira mpweya masana. Akale ankayamba panja n'kukamalizira m'nyumba. Inu munkafuna kumaliza pomwepo, dzuwa lisanasunthe, chifukwa munda wa m'mamawa si munda wa madzulo ngakhale mizere ili yomweyo. Utoto wa m'machubu, umene unatulukiridwa mu 1841, unakulolani kunyamula mitundu yonse m'thumba. Koma chubu sichiona. Chinaona ndi diso lanu. Ndipo ine sindikayika kuti diso limene linakulira pansi pa dzuwa la Caribbean, kumene kuwala kumamenya khoma n'kubwerera, linafika ku France litadziwa kale kufunsa mafunso amene obadwira mu nkhungu sankafunsa. Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Chitsata-dzuwa! Mpenta-mthunzi! Wowerenga maola pamasamba a mtengo!

Gu-gu! Gu-gu! Gu!

Tisamuiwale Julie Vellay, mwana wa mlimi wa mphesa wa ku Burgundy, amene ankagwira ntchito m'nyumba ya amayi anu. Munamukonda, makolo anakana, ndipo zimene zinawachitikira iwo pachilumba zinabwerera pa inu. Simunamusiye. Julie, mayi wa ana 8, wolima dimba kuti banja lisagone ndi njala pamene zithunzi sizikugulidwa, wodandaula moona chifukwa njala ya ana si nthano: nthungululu imodzi ndi yanu, mayi.

Kenako nkhondo. Mu 1870 asilikali a Prussia analowa mu France, inu n'kusiya nyumba ya ku Louveciennes, kuthawira ku Norwood kum'mwera kwa London. Kumeneko munapezanso Monet, munadziwana ndi wogulitsa zithunzi Paul Durand-Ruel, munakaona ntchito za ojambula Turner ndi Constable, munajambula sitima ikutuluka pasiteshoni ya Lordship Lane, ndipo ku Croydon mu 1871 munamanga ukwati ndi Julie. Pobwerera munapeza chiyani? Mwa zithunzi pafupifupi 1,500 zimene munasiya, thukuta la zaka pafupifupi 20, zinatsala ngati 40. Asilikali ankaziyala pamatope kuti nsapato zawo zisade. Gunda, lira pansipansi apa. Ndani angawerenge zimene zinapita, ndi nkhope zingati za ubwana wanu zimene zinapondedwa? Wina akanathyola burashi. Inu munasamukira ku Pontoise mu 1872 n'kugula chinsalu china. Wosagwa-ndi-chimphepo! Mphukira-pachitsa!

Nkhoswe ya okanidwa! Ili ndilo dzina lanu lalikulu, ndipo mbalule alibwereze katatu. Nkhoswe! Nkhoswe! Nkhoswe!

Pamene inu ndi anzanu munatopa kugogoda pakhomo la Salon, munati tipange bungwe lathu. Malamulo ake munakawaonera ku bungwe la ophika buledi la ku Pontoise, pakuti kwa inu wojambula ndi wophika buledi onse ndi anthu a manja. Pa 15 Epulo 1874, m'nyumba imene ankagwiriramo ntchito wojambula ndi kamera Nadar pa Boulevard des Capucines, chitseko chinatsekuka: Monet, Renoir, Degas, Sisley, Berthe Morisot, Cézanne ndi ena, onse pamodzi ngati 30. Mwezi womwewo munali mutangoika m'manda mwana wanu Jeanne, amene munkamutcha Minette, asanakwanitse zaka 10. Munapachika zithunzi misozi isanaume. Mtolankhani Louis Leroy anabwera kudzanyoza. Chithunzi chanu cha chisanu chogona pamizere ya munda anachiyesa zinyenyeswa za utoto pansalu yakuda, ndipo pa chithunzi cha Monet cha dzuwa lotuluka padoko anatolapo dzina lokutonzani nonse. Dzinalo munalitola n'kulivala.

Zionetsero zinachitika 8, kuyambira 1874 mpaka 1886. Monet anajomba, Renoir anajomba, Cézanne analeka msanga, Degas anakangana ndi anzake n'kujomba kamodzi. Mmodzi yekha ndiye anaonekera pa zonse 8, ndipo ndinu. Mzati-wa-pakati! Woyenda khomo ndi khomo kuyanjanitsa anthu a mitima yaminga! Anzanu ankakutchani Bambo Pissarro ndevu zisanayere n'komwe zonse.

Itanani ana a m'manja mwake abwere adzagwade. Cézanne, bwera: unafika ku Pontoise utoto wako uli bii, wolemera ngati mkwiyo, ndipo bamboyu anaima nawe pamunda umodzi mpaka mitundu yako inayera. Sunaiwale, pakuti mu 1906, uli nkhalamba yotchuka, unadzilemba pachionetsero cha ku Aix kuti ndiwe wophunzira wa Pissarro. Paul Gauguin, bwera: unali munthu wa msika wa ndalama wojambula Lamulungu lokha, ndipo kuyambira 1879 unkapita ku Pontoise kukaphunzira. Mary Cassatt wa ku America, bwera udzabwereze umboni wako, woti bamboyu akanatha kuphunzitsa ngakhale miyala kujambula. Vincent van Gogh, bwera: pamene mutu unkakuvuta, mbale wako Theo anafunsa kwa bamboyu, ndipo ndiye anatchula dokotala Gachet wa ku Auvers. Mlera-ana-a-eni! Wosawerengera chimene wapatsa!

Koma chimene chimandigwira mtima koposa n'chakuti mphunzitsi ameneyu sanachite manyazi kukhala pansi. Mu 1885, muli ndi zaka 55, munakumana ndi Georges Seurat, mnyamata wa zaka 25, ndi mnzake Paul Signac, amene ankamanga chithunzi ndi timadontho ta mitundu yosasakaniza. Munati ndiphunzitseni. Anzanu akale anapukusa mitu, ogula anabweza ndalama m'matumba, kunyumba kunavuta. Inu dontho, dontho, dontho, mpaka munamaliza chithunzi cha okolola maapozi ku Éragny mu 1888. Ndipo mutaona kuti madontho akuchedwetsa dzanja, kuti pofika pomaliza kuwala kumene munakuona kwathawa kale, munawasiya poyera cha mu 1890 osanamizira munthu. Mkulu-wogwada-kwa-mwana! Wolowa poyera, wotuluka poyera!

Mpanje, imirira, tinene za anthu a m'zithunzi zake.

Ena ankajambula ovina a m'nyumba za zisudzo ndi olemera akupalasa mabwato Lamulungu. Inu munkajambula mtsikana woweta ng'ombe, mayi wotuta udzu, wogulitsa nyama pamsika, wotsuka mbale, wokhala pansi kupumula khasu lili pambali. Olemba nkhani ankakusekani kuti mumakonda minda ya kabichi. Inde munkaikonda, chifukwa kabichi ndi chakudya, ndipo amene wamulima ali ndi dzina. Onani madenga ofiira a mu 1877, amene lero ali ku Musée d'Orsay: tinyumba ta anthu wamba tikusuzumira kuseri kwa nthambi zopanda masamba, palibe nyumba ya mfumu, palibe chipilala. Amati alimi a ku Pontoise ndi ku Éragny munawatengera kwa wojambula Millet. Ine ndikuti yang'anani msana wa mayi wa ku Éragny, kenako yang'anani khosi la mayi wosenza katundu wa ku St Thomas: ndi dzanja limodzi, ndi ulemu umodzi, ndipo wa pachilumba ndiye anayamba. Mnzawo-wa-akhasu! Mlemekeza-thukuta!

Simunabise maganizo anu. Munkakhulupirira kuti anthu angathe kukhala mothandizana popanda wowapondereza, ndipo munkathandiza nyuzipepala za gulu la anarchist ndi zojambula ndi kandalama kochepa kamene munali nako. Cha mu 1889 ndi 1890 munajambula buku la zithunzi 28 lotchedwa Turpitudes sociales, loonetsa umphawi wa mumzinda ndi umbombo wa eni chuma, n'kulitumiza kwa ana a m'bale wanu ku London. Mu 1894, pulezidenti Carnot wa France ataphedwa, apolisi akusaka anthu a maganizo ngati anu, munakhala miyezi ingapo ku Belgium. Ndipo mlandu wa Alfred Dreyfus, msilikali Wachiyuda wonamiziridwa kuti wagulitsa dziko, utang'amba France pakati, munaima kumbali ya wonamiziridwayo. Degas, amene mayi ake analinso Mkiliyo wa ku New Orleans, mnzanu wa zaka zambiri, anakufulatirani chifukwa ndinu Myuda. Renoir nayenso anatalikira. Zinawawa, bambo, tikudziwa kuti zinawawa. Komabe simunaleke kunena kuti Degas ndi katswiri. Mtima-wosasunga-dzimbiri!

Gu! Gu! Gu-gu-gu!

Ukalamba unabwera ndi matenda a diso. Njira ya misozi inkatupa, mphepo ndi fumbi zinakuletsani kuima panja. Mponda-mame uja anatsekeredwa m'nyumba. Kodi munaleka? Munakwera masitepe a mahotela n'kukhala pazenera. Mkhala-pazenera! Mu 1896 munali ku Rouen, mukuyang'ana milatho ndi utsi wa sitima za pamtsinje. Mu 1897, m'chipinda cha Grand Hôtel de Russie, munajambula msewu umodzi wa Boulevard Montmartre ka 14: m'mamawa, masana, kukugwa mvula, kuli nkhungu, pa tsiku la chikondwerero anthu ali piringupiringu, ndi usiku nyali zikunyezimira pamsewu wonyowa. Munthu wa kumunda anasanduka mwini mzinda ali ndi zaka zoposa 65. Pamenepo ndi pomwe ndalama zinayamba kubwera, mochedwa, inu amene pogula nyumba ya ku Éragny mu 1892 munachita kubwereka kwa Monet. Kenako Dieppe, kenako Le Havre mu 1903, kumene kalaliki wa padoko uja anakhalanso moyang'ana ngalawa, akuwerenga milongoti ndi burashi.

Pa 13 Novembala 1903 munagona ku Paris muli ndi zaka 73, ndipo anakuikani kumanda a Père Lachaise. France imakutchani kholo la ojambula ake, koma mpaka tsiku lomaliza mapepala anu anali a Denmark, a mwana wa St Thomas. Ana anu anatola burashi: Lucien amene anakhazikika ku England, Félix amene anamwalira akadali mnyamata mu 1897, Ludovic-Rodo, Paul-Émile, ndi Georges amene pazithunzi zake ankasaina kuti Manzana, dzina la agogo ake a pachilumba. Mdzukulu wanu Orovida nayenso anajambula. Tsinde-la-ojambula! Nyumba imene munabadwira ikadalipo pamsewu waukulu wa Charlotte Amalie, ngakhale Denmark inagulitsa zilumbazo ku America mu 1917.

Mwana wa Rachel! Mbadwa-ya-pamchenga! Mkhala-ndi-onyozedwa! Mdula-chingwe! Chitsata-dzuwa! Mphukira-pachitsa! Nkhoswe ya okanidwa! Mkulu-wogwada-kwa-mwana! Mnzawo-wa-akhasu! Mkhala-pazenera! Landirani m'manja mwathu, bambo. Pha! Pha! Pha!

Inu aphunzitsi a zaluso, mukamatchula Monet ndi Cézanne kwa ana, tchulaninso amene anawagwirizanitsa, ndipo munene kumene anabadwira. Ndipo inu abale athu amene mukukhala ku London, tsiku lina mukaweruka pitani ku National Gallery pa Trafalgar Square. Kulowa n'kwaulere. Mukafunse chithunzi cha Boulevard Montmartre usiku ndi cha msewu wa ku Sydenham, muimepo nthawi yokwanira, mutenge ndi ana omwe.